Wotsuka Mbale Amene Anaona Chilonda

Mayi Bernadine Kowalchuk akhala akutsuka mbale m'nyumba yathu yosamalira okalamba kuno ku Brandon kwa zaka makumi awiri. Si namwino. Sukulu anailekera panjira, n'kukagwira ntchito kufakitale yopha nkhumba mpaka msana unakana. Koma mbale ikabwerera kukhitchini, amayamba aiyang'ana asanataye zotsala, ndipo mwini wake amamudziwa chifukwa pathireyi pamakhala dzina.

Chaka chatha a Arvid, amene ndimagona nawo chipinda chimodzi, anayamba kuwonda. Lamba wawo tinamubowola kawiri kuti aziwakwanabe. Anamwino ankangolemba kuti adya theka, ndipo adokotala anayamba kukamba zowaika chubu chodyera m'mimba. A Arvid ankachiopa chubucho kuposa imfa.

Tsiku lina masana Mayi Kowalchuk anatulukira m'chipinda mwathu, epuloni ili m'chiuno, mbale ili m'manja.

"Achikulire, mbatata ndi supu mukumaliza, koma nyama mwabweza masabata atatu. Mwalowa mpingo wanji?"

"Nyama yanuyo ndi tayala, mayi," anayankha a Arvid.

"Tayala lomwelo anzanuwa amanyambita ndi mbale yomwe. Tayasamulani."

A Arvid anakana, koma mayiwo sanachoke mpaka namwino anabwera ndi tochi. Mano awo oikirira anali atakhwefuka ndipo ankakhula nkhama. Panali chilonda chachikulu ngati nyemba, chimene a Arvid ankabisa poopa kuvutitsa anthu.

Mano anakonzedwa, chubu sanawaike. Masiku ano, Lolemba lililonse namwino wamkulu amatsikira kukhitchini kukafunsa Mayi Kowalchuk zimene aona.