Ndinawauza kuti agwire mphanda

Inu owerenga, kulemba ndinakuphunzira nditamera kale imvi, kusukulu ya kwacha, ndiye mundipirire. Akazi anga, pano ndingowatchula kuti aNabanda, sayenda, ndipo amene ndinawalumalitsa ndine. Kwathu kuno ku Kasungu anthu amati inali ngozi ya mvula. Ine ndikudziwa zina.

Chaka chimenecho tinalandira makuponi, koma fetereza wa chimangayo ndinamuthira yense kufodya. Fodya anakula, masamba ngati a nthochi. Chigafa chathu chinali chakale, chomangidwa kumunsi cha kudambo, mphanda zake zitadyedwa ndi chiswe. ANabanda anandiuza kuti tisinthe mphandazo tisanayambe kuthyola. Mitengo inali itasowa kale kuno, ndiye ine ndinati chigafacho chipirira chaka chimodzi. Ndinapachika fodya mpaka kudenga, mikangala yopachikapo ija kuchita kupindika.

Kenaka kunagwa ng'amba pakati pa dzinja. Kunatentha moti nkhuku zinkangoyasama pansi pa nkhokwe, chimanga chosathira chija n'kupota masamba. Mthunzi unali m'chigafa mokha, choncho tinkaswera momwemo tikusoka fodya.

Tsikulo masana kunangoti zii, tsamba osagwedezeka. Kum'mawa kunada bii. Mphepo inayamba ndi fumbi, kenaka matalala, mvula n'kukhuthuka. Chigafa chinayamba kulira. ANabanda anataya singano nati, "Bambo a Yosefe, tiyeni kunyumba, ichi chitigwera." Ine maso anali pa fodya. Ndinawakalipira kuti agwire mphanda yapakati, ine ndimange pepala lapulasitiki limene mphepo inkasasula. Anagwira. Chikwatiranireni anali asanandikanirepo kanthu.

Kuthyoka kwa mphandayo sindinakumve. Ndinangopezeka ndili chafufumimba, denga ndi fodya wonyowa zili pamsana, mkono utapanikizika. Fungo la fodya wamuwisi linkanditsamwitsa. ANabanda anali pafupi, kupuma kwawo ndinkakumva koma osawaona. Mtanda wa denga unali utawagwera m'chiuno. Ndinakuwa, koma akanamva ndani mvula ikulindima choncho? Posakhalitsa dambo linasefukira, madzi ozizira n'kuyamba kulowa pansi pathu mpaka kundifika pachibwano. Ndinkangotukula mutu, kutsogolo kosapitika, kumbuyo kosabwereka. Iwo sanalire. Anangondifunsa kuti, "Miyendo yanga mukuiona? Ine sindikuimva."

Mvula itakata, anansi anaona kuti chigafa palibe ndipo anathamanga ndi zikwanje kudzatitulutsa. Ine mkono unapola. ANabanda tinapita nawo kuchipatala pangolo, koma anabwerako miyendo itafa.

Chimene chandimanga mpaka lero ndi ichi. Abale awo atabwera kudzafunsa, iwo anayankha ine ndisanatsegule pakamwa. Anati anakakamira okha m'chigafamo, ine ndikuwaitana kuti tithawe. Alamu anga anandigwira dzanja n'kundipepesa. Kutchalitchi amanditchula ngati chitsanzo cha mwamuna wosamala mkazi, poti ndimawasambitsa ndi kuwanyamula kukawakhazika pakhonde. Nthawi ina ndinawapempha kuti ndiulule zoona. Anati, "Mukaulula, akwathu adzanditenga. Kumeneko azikandinyamula ndani?" Ndiye anthu akamandiyamikira ndimangowerama, kukamba sindingathe, kuiwala sindingathenso.

Inu alimi anzanga, mphanda ikalira mkati poigogoda, izuleni musanapachike ngakhale tsamba limodzi. Chigafa musamange kumene madzi amadutsa. Kukatentha kwa masiku kenaka n'kuda mwadzidzidzi, tulukanimo, fodya anyowe. Ndipo amene ali nanu akati tithawe, musamuyankhe ndi ukali chifukwa choti amakumverani.

Fodya ndinasiya kulima. Masiku otentha aNabanda amakhala pakhonde kuyang'ana kum'mawa, ndipo kukayamba kuda amandiitana ndi mawu omwe aja, "Bambo a Yosefe, tiyeni kunyumba." Tsopano ndimamva msanga. Ndimasiya khasu pomwepo n'kupita kukawanyamula.