Disiki ya Buluu ndi Maginito a M'wailesi

Disiki ija ndikadali nayo. Ndi ya buluu, yokwana m'chikhatho, ndipo pa kapepala kake pali dzina langa, lolembedwa ndi bolopeni yofiira m'zilembo zopendekeka za mtsikana wa Sitandade 7. Masiku ano kuno ku Mzuzu kuli kagulu ka achinyamata kotolera makompyuta akale, aja a zimitu zazikulu, n'kumawadzutsa ndi kupanga masamba a pa intaneti onga a nthawi yathu, a zilembo zophethira. Mwezi watha anandipempha disikiyi kuti aone za m'kati mwake. Ndisananene zimene anapezamo, ndiyambe ndanena za aphunzitsi ena a kusukulu kwathu, chifukwa mtima wanga sunawakhululukirebe.

Inali nyengo yozizira, yunivesite itangotsegulidwa kumene. Tinkakhala ku Katawa, ine, amayi ndi amalume. Tinachokera ku Dedza bambo atamwalira, abale awo atasesa zonse za m'nyumba, ndi zithunzi zomwe. Amalume ankakonza makompyuta ku yunivesiteko, ndipo anabwera nayo imodzi kunyumba kwa milungu ingapo. Inkanunkha fumbi lotentha. Ukalowetsa disiki inkalira ngati khoswe akutafuna chimanga kudenga. Kunja nkhungu itaphimba mitengo ya paini, ine ndinkakhala pa mpando nditafunda chitenje cha amayi, zala zili zii, amalume akundiphunzitsa kulemba tsamba. "Kompyutayi si yathu," ankatero. "Zako uzisunga pa disiki. Ndipo usaiyandikitse ku wailesi, maginito amapha disiki."

M'masiku omwewo azakhali anatichezera ndipo anali ndi chithunzi cha bambo m'Baibulo mwawo. Anakana kutisiyira. Amalume anachibwereka tsiku limodzi, n'kukachijambula pa makina a kuntchito, n'kuchiika pa disiki yanga. Ndinapanga tsamba la bambo: kumbuyo kwa buluu, dzina lawo likuphethira pamwamba, pakati iwo ataima pambali pa njinga yawo, kolala ya malaya itapindikira m'kati. Azakhali anapita ndi chithunzi chawo, kompyuta inabwerera kuntchito n'kufufutidwa. Nkhope ya bambo inatsala pa disiki imodzi yokhayo.

Pakamwa panga ndi pamene panandigwetsa. Ndinadzitama kusukulu, nkhani n'kufika kwa aphunzitsi amene ankasunga kompyuta imodzi ya sukulu. Ankaitsekera mu ofesi, ataifunditsa nsalu ya maluwa ngati mkwatibwi. Anandiitana, akumwetulira, n'kundithokozeratu m'Chitumbuka. "Bwera nayo disiki yakoyo tidzaonetse makolo pa tsiku la chionetsero. Yewo chomene, mwana wanga." Ndinapereka ndi manja awiri, nditagwada.

Tsiku la chionetsero ndinafola ndi amayi pamzere wa makolo. Titafika pa kompyuta ndinaona buluu wanga, zilembo zanga zikuphethira. Koma dzina linali la mwana wa aphunzitsiwo, ndipo pamalo pa bambo panali iwo eni, atavala suti, dzanja lili pachibwano. Anthu ankaomba m'manja. Mwanayo, amene sankadziwa ngakhale poyatsira, anaima pambali akuvomera ndi mutu. Ndikakumbukira chibwano chimenecho, ngakhale lero tiyi amandiwawa.

Mawa lake ndinakapempha disiki yanga. Sanadzutse n'komwe mutu. "Ija? Ndinafufuta kale. Iwe mtsikana, makompyuta ukufuna upite nawo kuti? Pita m'kalasi." Sindinalire pamaso pawo. Ndinakalirira kuseri kwa chimbudzi, kenako misozi inauma, mumtima munatsala chinthu chimodzi chokha. Ndinkafuna nawonso ataye.

Kunyumba kunali wailesi yakufa pansi pa bedi la amalume. Ndinaitsegula ndi mpeni, n'kuzula maginito a kumbuyo kwa sipika, chitsulo chozungulira chakuda cholemera. Ndinachisunga m'sokosi masiku atatu. Lachisanu masana atsikana tinkasesa mu ofesi, ndipo ndinadzipereka ndekha, mpaka anzanga anadabwa. Pa shelefu panali bokosi la pulasitiki la madisiki a aphunzitsi aja: mayeso amene ankataipa, mndandanda wa magiredi, makalata awo ofunsira malo ku yunivesite amene ankatinyadira nawo tsiku ndi tsiku. Sindinalitsegule. Ndinangoyendetsa maginito pamwamba, m'mbali, pansi, pang'onopang'ono ngati ndikusita yunifolomu. Ndinabwerezanso kachiwiri kuti pasatsale kanthu. Ndinatuluka ndi tsache langa ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Ndinene zoona, zinandikomera. Lolemba tinawamva ali mu ofesi akumenya kompyuta ndi chikhatho, akulowetsa disiki iyi, kutulutsa, kulowetsa ina, akung'ung'udza m'Chitumbuka. Mayeso anachedwa sabata yathunthu, anachita kuwalemba pa bolodi ndi choko, thukuta lili kamukamu m'nyengo yozizira. Ine ndinkawayang'ana ndili phee, mtima uli mbee. Za zimenezo sindinalapepo ndipo sindidzalapa.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti amayi anali atapita kwa ahedi. Amayi sankakonda mikangano, koma anavala nsapato zawo za kutchalitchi n'kukanena kuti mwana abwezeredwe chinthu chake. Lachitatu aphunzitsi aja anandiitana. Anatsegula bokosi lomwe lija, n'kusanthula, n'kutulutsa disiki ya buluu ya dzina lofiira. Anaiponya patebulo. "Tenga. Sindinaikhudze n'komwe, ndinangokopera pa ina. Mpaka kukandinenera kwa ahedi chifukwa cha kanthu aka?" Sanafufute. Anangonena choncho kuti ndichoke pakhomo pawo.

Ndinathamanga mpaka kuntchito kwa amalume, matope ofiira akundithimbiritsa miyendo. Analowetsa disiki. Khoswe uja anatafuna, anatafuna, kenako kompyuta inafunsa ngati tikufuna kuikonza ngati yatsopano. Amalume anayesa pa makina atatu. Pomaliza anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu, "Sunaiike pafupi ndi wailesi?" Ndinapukusa mutu. Amayi anamwalira akukhulupirira kuti aphunzitsi ndi amene anaiwononga, ndipo sindinawawongolere. Azakhali nawo anapita, Baibulo lawo silikudziwika kumene linathera.

Achinyamata aja anayesa ndi zipangizo zawo zonse. Mmodzi, mtsikana wa mandala, anandibwezera ndi manja awiri. "Pepani mama, mulibe kanthu. Zikukhala ngati inadutsidwa ndi maginito." Ndinati yewo, n'kuiika m'chikwama.

Aphunzitsiwo ndimawaonabe ku msika waukulu, akalamba, akuyenda ndi ndodo. Sindiwapatsa moni. Bodza lawo ndi limene linanditumiza pansi pa bedi la amalume, ndipo mlandu umenewo ndi wawo. Koma dzanja linali langa. Ndinali mwana, ndinkaganiza kuti maginito aja akwiya pamodzi ndi ine, ndipo adzasankha za aphunzitsi zokha. Ndinawadutsitsa kawiri pa nkhope ya bambo anga, ndikuimba.