Sabata Imene Dengu la Mayi Linkalemera

Nditamaliza koleji ndinalowa ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, koma maphunziro ndinkapitirizabe kudzera pa positi. Mapepala ankachokera kunja, ndipo ndinkakawatenga ku Khonjeni pa njinga, n'kuwakulunga m'tsamba la nthochi poopa mvula. Ankatiphunzitsa mmene ndalama za makampani zimayendera m'mayiko, komanso anthu amene amaifunsa kampani ikalakwa.

Ofunsawo ine ndinkawadziwa. Chaka chilichonse kunkabwera azungu awiri kudzafufuza mabuku. Akatsala pang'ono kufika, tinkapaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu, akapitawo oyang'anira antchito n'kukonza sikelo yoyezera masamba kuti izinena zoona. Akangochoka, sikelo ija inkabwerera mwakale.

Mayi anga ankathyola tiyi pomwepo, ndipo sabata imeneyo ankaikonda. Ankafika kunyumba akuimba, manja akununkhira masamba.

"Alendo akowo akabwera, dengu langa limalemera," anandiuza tsiku lina. "Uwauze azikhalitsa."

Mawu amenewa ndinawalemba pa mayeso a maphunziro aja, poyankha funso la ntchito ya ofufuza makampani. Pepala linabwerako lili psuu ndi inki yofiira, akuti yankholo m'buku mulibe. Mpaka lero ndimalisungabe, ndipo sindinakonzepo kalikonse.