Mwala wa pampando wakutsogolo

Pikapu yanga inali ndi matenda ambiri, koma aakulu anali awiri. Ukaiimika, giya inkatuluka yokha. Handibuleki nayo inali yongokongoletsa: ukaikoka inkafika mpaka m'khwapa, galimoto n'kumapitabe. Ndiye ndinali ndi mwala. Ndinautola ku Monkey Bay, wosalala, waukulu ngati dzungu, ndipo kwa zaka zambiri unkayenda pampando wakutsogolo. Ndikaima ndinkakuwira aliyense wodutsa kuti autsamize kutayala. Mayi a kunyumba ankayenda ataufukata pamiyendo, ndipo ankadana nawo ngati mkazi mnzawo.

Itayandikira nikaha, ukwati wa Chisilamu, ya mwana wathu wamkazi, yomwe inkakachitikira kwawo kwa amayi ake ku Lungwena, mayi a kunyumbawo anandiuza mosapita m'mbali kuti mwala sukwera ndi mkwatibwi. Akuti akuchimuna adzati chiyani. Ndinati adzati bambo uyu ndi wosamala. Sanaseke.

Ine kwa makaniko sindipita, amakonza chimodzi n'kuwononga ziwiri. Lachinayi m'mawa ndinayala thumba pansi pa mtengo wa mango, n'kukwawira kunsi kwa galimoto ndi sipanala. Pamene mawaya a handibuleki amakumana pali nati imodzi, dzimbiri lokhalokha. Ndinaithira mafuta ophikira. Mlamu wanga, munthu amene moyo wake wonse wayendetsa njinga yokha, anakhala m'kati kuti azikoka chogwirira n'kumawerenga kuti chalira kangati. Poyamba chinalira kakhumi ndi kawiri. Ndinamanga nati. Chinalira kasanu ndi katatu. Ndinkadziwa ndithu kuti kanayi kapena kasanu n'kokwanira, koma mtima unali utatentha, ndinkafuna kawiri basi, koti anthu akambe. Mlamu ankangoti onjezani, onjezani, ngati tikuthira shuga mu tiyi. Ndinamanga mpaka waya anakungika gwa. Ndinatuluka kunsi kuja ndikuyenda modzimva, ndipo mayi a kunyumba ananyamula mwala uja osandiuza kopita nawo.

Loweruka tinanyamuka, mkwatibwi pambali panga, azimayi kumbuyo akuimba. Pamzikiti paja ponse ndi mchenga wotitimira. Malo olimba ndi kamtunda kamodzi kotsetsereka, kumunsi kwake kuli mathandala oyanikapo usipa, kenako nyanja. Ndinaima pamenepo. Ndinadikira kuti akuchimuna ayang'ane bwino, n'kukoka handibuleki ndi mphamvu zonse. Kunsi kunangoti thwa! Chogwirira chinabwera chopepuka m'dzanja. Galimoto inayamba kubwerera, azimayi anasiya nyimbo pakati, ine phazi pa buleki.

Akumbuyo onse atadumpha, ndinafunsa za mwala. Mayi a kunyumba anayang'ana kumbali. Anali atautumiza dzulo lake ndi ophika chifukwa fuwa limodzi linkasowa, ndipo panthawiyo unali pamoto, utasenza mphika wa mpunga wa anthu onse. Kugombe kuja mwala sutoleka wamba. Anthu anabweretsa njerwa, inangosanduka fumbi. Anabweretsa mtondo, unagubuduka kudutsa mathandala mpaka m'madzi. Mlamu anati tisinthane, ine ndichotse phazi iye aike lake. Ndinayang'ana mlamu, ndinayang'ana nyanja, ndinakana.

Nikaha simangika bambo wa mkazi asanavomere pamaso pa mboni. Anandidikira mu mzikiti, ine ndili pa buleki, mkanjo watsopano wanyowa ndi thukuta. Manyazi amene ndinachita tsikulo sindinawachitepo chibadwire. Mwana mmodzi yekha wamkazi, tsiku lake limodzi, ine ndaliwononga chifukwa chofuna kutchuka ndi nati.

Mapeto ake ashehe anatuluka, mkwati ndi mboni pambuyo, n'kudzaima pawindo langa ngati apolisi apamsewu. Khamu lonse linazungulira pikapu, koma kumbuyo kwake kunalibe anaima. Ashehe anawerenga zowerenga zawo modekha, kenako anawerama.

"Bambo, mukumupereka mwana wanuyu?"

Apo m'pamene ndinatembenuka. Mwanayo sanatsike ndi anzake. Anali phee pampando wa mwala uja, manja onse awiri, opakidwa utoto wa hina mpaka m'zigongono, atagwira chogwirira cha handibuleki. Nthawi yonseyi ankakoka, ngakhale waya anali atadukiratu. Misozi inandilengeza, ndipo sindinaibise.

Ndinati ndikumupereka. Ashehe anamaliza zonse pomwepo, mkwati anavomera atasuzumira pawindo, azimayi analulutira. Mayi a kunyumba anatsegula chitseko kuti amutenge mwanayo, koma iye sanasunthe.

"Ababa, ndisiye?"

"Siya, mwanangu. Ndagwira ine."

Anasiya pang'onopang'ono, anatsika, anthu n'kupita naye. Ine ndinatsala ndekha, phazi pa buleki, kudikira kuti mpunga upse.