Nkhope ya a Benson

Pa Sharpevale, kuseri kwa chigayo, pali kachipinda kamene Raymond amakonzeramo zithunzi. Mkuluyu ndi wamaloto. Pa laputopu yake yothothoka mabatani, alimi a mbatatesi amavala masuti, atsikana amatsamira ndege, ziphuphu zimasungunuka ngati mchere m'ndiwo. Mwini wakeyo sanadutsepo Balaka, koma makasitomala ake onse anawafikitsa kale ku Joni.

Tsiku lina kunabwera mayi Esnath, mlimi wa mpunga wa kudambo, atamangirira kamemori khadi pa mfundo ya chitenje. Munali chithunzi chimodzi chokha cha malemu amuna awo, a Benson, ataima m'matope, chikwakwa chili kumanja. Ankafuna chachikulu, choti akaike pa mwambo wa chiliza.

"Nkhope yawo ikundithawa, mwanangu," anatero mayiwo. "Ndikatsinzina ndimangoona chipewa."

Raymond anagwidwa chisoni, ndipo chisoni chake chimadziwa ntchito imodzi basi, kukongoletsa. Anapukuta matope, anawalitsa khungu, anatseka mpata wa mano, anafufuta chipsera, n'kuwaveka tayi yofiira. Paja kuthamanga si kufika. Posunga, dzanja linafulumira, chatsopanocho chinakhala pamalo pa chakale, chakale chija n'kupitiratu.

Mayi Esnath atabweranso anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Bwanawa ndi ooneka bwino ndithu. Nanga amuna anga ali kuti?"

Raymond anaulula zimene zinachitika. Mayiwo sanakalipe, anangokhala pabenchi manja ali pamiyendo, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa mawu.

"Tiyeni tiwafunefune, mayi," anatero Raymond. "Inu muzinena, ine ndizibwezera."

Anayamba mokayika. Khungu lide pang'ono, anali munthu wa padzuwa. Mano apakati atalikirane, mpata umenewo ndiwo ankaimbira mluzu poingitsa mbalame. Pa chipsera mayiwo anaima, mbali anali ataiwala. Anatsinzina, n'kukweza dzanja monga ankachitira powapukuta thukuta, chala n'kukaima chokha pamene pakanakhala nsidze ya kumanzere. Chigayo chinkalindima ngati mvula ya kuphiri, ndipo Raymond ankangoona munthu akuvuuka pang'onopang'ono, matope ali m'miyendo.

"Basi, siya pomwepo."

Mayi Esnath anakonza chitenje, anatsika pabenchi, n'kugwada patsogolo pa laputopu ija.

"Mwaswera bwanji, bambo a Chimango? Mpunga uja tinakolola."