Pulogalamu Yodya Moto Ngati Mbaula

Tsiku limene anamuchotsa ntchito, mtsikana amene anzake ankamutcha Namakani anatuluka mu ofesi mtima ukuwira.

Ntchito yake inali yolemba mapulogalamu a pafoni, ndipo chomuchotsetsa chinali pakamwa. Masiku apitawo, matenda a uchembere anamuyamba mkulu wake ali yekha m'nyumba. Poti aitane galimoto, anapeza foni yazima, chikhalirecho anali ataitchaja m'mawa. Anakwawa mpaka kwa aneba. Mwana anabadwa bwino, koma Namakani atafufuza foniyo, anapeza gwero la vutolo. Chomaliza batire chinali pulogalamu ya kampani yawo, imene inkadzuka yokha kukoka zotsatsa malonda ngakhale foni ili m'thumba. Mizere ina ya pulogalamuyo analemba ndi iye mwini.

"Bwana, pulogalamu yathuyi ikudya moto ngati mbaula," anatero pamsonkhano. "Tiikonze."

Abwana anaseka. "Batire si nkhani yathu. Amene foni yake yakalamba agule ina."

"Agule ndi chiyani? Inuyo tchaja ili patebulo tsiku lonse. Akulu anga anakwawa ngati khanda!"

M'mawa mwake anamuuza kuti ndi wamwano, azipita.

Anakapempha kangodya m'shopu yometera ya alamu ake. Pakati pa tsitsi ndi phokoso la makina, anayamba kulemba pulogalamu yakeyake yokumbutsa amayi oyembekezera masiku a sikelo ndi kuwaitanira thandizo. Wodzametetsa aliyense wokhala ndi foni yotha, Namakani ankamupempha kuti ayeserepo pulogalamuyo. Yoyamba inatenthetsa foni. Yachiwiri inkangoima. Makampani amene anawaonetsa ankangofunsa kuti zotsatsa malonda zikhala pati.

"Alamu, mitu ndameta yambiri, koma wouma ngati wanuwu sindinauone," ankatero wometayo. Koma soketi sankamumana.

Namakani anapitiriza kudula mzere uliwonse wodya moto pachabe. Tsiku lina namwino wina, atabwera kudzametetsa mwana, analola kuyesera pafoni yake. Anabweranso ndi anamwino anzake, akuti foni ikufika madzulo ili ndi moto. Chipatala chawo chinaitenga pulogalamuyo, zipatala zina n'kutsatira.

Lero Namakani amaphunzitsa achinyamata kulemba mapulogalamu. Wophunzira akabweretsa ntchito yonyezimira, iye amafunsa kaye kuti, "Ikudya moto wochuluka bwanji? Nanga motowo ndi wa ndani?"

Inu amene munathamangitsidwa chifukwa chonena chilungamo, mkwiyowo musauthere m'miseche. Upatseni ntchito. Osagwa mphwayi!