Zala za Wowakha Mpira

Bambo a mwana wangayu ankagwira ntchito ya gadeni ku Eriya 43, kwa mzungu wina wokalamba wa ku Amereka. Mzunguyo kwawo ankalipidwa chifukwa cha mpira, osati wamiyendo ayi, wina womenya ndi chibonga. Iyeyo ndiye ankanyonyomala kumbuyo kwa womenyayo n'kumawakha kampira kolimba ngati mwala. Mawondo atatha anayamba kuphunzitsa ena. Kuno analibe wosewera naye, ndiye anaphunzitsa amuna anga, n'kuwapatsa chigolovesi chachikopa ndi chigoba cha waya chovala kumaso.

Loweruka amuna anga ankasonkhanitsa ana pabwalo la fumbi kuseri kwa msika, ana a matelala achisilamu, ana a ogulitsa matimati, onse ankangoti akochi, akochi. Ine ndinkakhala pambali ndi beseni la zitumbuwa, mwana kumsana, maso uku ndi uku, pakuti chaka chimenecho anthu anali atayamba kunong'ona za matipate, zoti zipani zikhale zambiri. Chala chimodzi m'mwamba chinali cha chipani. Ukaimika ziwiri za matipate, basi, wasowa.

Tsono pa mpira umenewu wowakha salankhula. Amauza woponya ndi zala, pakati pa ntchafu kuti womenya asaone. Chimodzi choloza pansi ndiye kuti ponya molunjika, ziwiri ponya wokhota.

Ndinawauza ine. "Inu, zala zanuzi zitiphetsa."

"Zaloza pansi izi, mayi. Kapena nyerere nazo zili ndi khadi la chipani?" Anaseka.

Tsiku lake ndinawaona ndine, anyamata achipani a malaya ofiira akuchokera kudepoti. Anaima kumbuyo kwenikweni kwa mwana woponya, pamene zonse zimaonekera. Ndinafuna kutsokomola, kugwetsa beseni, chilichonse, koma ndinachedwa. Amuna anga ali m'chigoba chawo, maso pa mwanayo, anatsitsa chala chimodzi. Mwana anapukusa mutu. Anatsitsa ziwiri.

"Akulu, tavulani chakumasocho," anatero wamtali mwa iwo, mofatsa. "Mukubisiranji nkhope?"

"Ndi masewera, achimwene."

"Chala cha chipani mwachizondotsa, mwachiika kumalo oterowo, kenaka mwatulutsa ziwiri. Anawa mukuwaphunzitsa chiyani?"

"Ziwirizo ndiye kuti ukhote."

"Ukhote. Mwamva anzanga? Akuti tikhote."

Ana anabalalika, chibonga chinatsala pafumbi. Anyamata aja anawagwira amuna anga lamba kumbuyo n'kumapita nawo. Ine ndinalondola chapatali, mwana akulira, mpaka anawakweza galimoto pafupi ndi mlatho. Amuna anga sanacheuke. Ndikuganiza kuti sanafune anyamatawo aone kuti pali wawo.

M'mawa mwake ndinayenda wapansi mpaka ku 43, ndi anthu opita kutchalitchi, palibe amene ndinamuuza. Mzungu anatuluka ndi ndodo yake, anamvetsera, nkhope inafiira, anati akawafotokozera achipaniwo yekha kuti zala zija n'za mpira. Anapitadi. Posakhalitsa ndinapeza geti lokhoma, mlonda n'kundiuza kuti abwana aboma awauza achoke m'dziko muno, ndipo inenso ndisadzaonekenso pamenepo.

Kwathu ku Mchesi anzanga a pampope anasiya kundipatsa moni. Atelala oyandikana nafe okha ndiwo ankandisiyira ufa pakhomo osagogoda. Chigolovesi ndi chigoba ndinazimanga m'chiguduli n'kuziponya m'chimbudzi. Galimoto ikangoima pamsewu ndinkatseka mwana pakamwa.

Amuna anga anabwera mvula itatha, ataonda, akukoka mwendo. Kumene anali sananene, ine sindinafunse. Kukhala pansi kunkafuna kuti ndiwagwire m'khwapa.

Ana aja anamva. Anafika madzulo ena n'kuima patali, kumpanda, mmodzi atanyamula kampira kopota ndi nsanza.

"Akochi, tiyamba liti?"

Amuna anga anayang'ana kumsewu, kumtunda ndi kumunsi, nthawi yaitali.

"Kuno kulibe kochi," anatero. "Mwasokera khomo, ana inu. Pitani kwanu, musadutsenso pano."